Jezi za Andrea Pirlo ku Old Town: ya Milan njabwino, ya Italy ili ndi chilema

Pakati pa masitolo a ku Old Town mu Lilongwe pali kasitolo kena kogulitsa jezi zosokedwa motengera za matimu akale, ndipo mwa zonse zimene zapachikidwa m'menemo, zokopa maso ndi ziwiri za Andrea Pirlo, katswiri wosewera pakati wa ku Italy amene anasiya mpira mu 2017 ali ku New York City FC. Zonse zili ndi nambala 21 kumsana.

Yoyamba ndi yoyera ya AC Milan, yotengera imene timuyi inavala ku Athens mu 2007 pamene inagonjetsa Liverpool 2-1 m'ndime yomaliza ya Champions League. Okonda mpira akukumbukira kuti chigoli choyamba usiku umenewo chinachokera pa firikiki ya Pirlo, mpira utagunda Filippo Inzaghi n'kupatukira muukonde. Jezi imeneyi ndi yogwira mtima. Nsalu yake ndi yopepuka, yosamatirira pathupi ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo, misoko ya m'khwapa ndi yolimba, ndipo chizindikiro cha timu ndi chosokerera, osati chomata ngati cha jezi zotchipa chimene chimayamba kumatuka m'mphepete mukangochapa kawiri. Dzina la bwin, kampani imene inkathandiza timuyi nthawi imeneyo, lili m'malo mwake pachifuwa, chifukwa Opel, imene inkathandiza poyamba, inali itachoka chaka cha 2006.

Wogulitsayo amaudziwa mpira, ndipo zimenezi si wamba m'masitolo athu. Amafotokoza bwino kuti Pirlo anayamba ngati wosewera kumbuyo kwa omwetsa zigoli, ndipo anali mphunzitsi Carlo Mazzone ku timu ya Brescia mu 2001 amene anamubweza kutsogolo kwa otchinga kumbuyo pofuna kusiyira malo Roberto Baggio, nzeru imene Carlo Ancelotti anaipitiriza ku Milan.

N'chifukwa chake jezi yachiwiri ikukhumudwitsa. Ndi yabuluu ya Italy, ndipo akuigulitsa ngati ya pa Chikho cha Dziko Lonse cha 2006, mpikisano umene Pirlo anagoletsa chigoli choyamba cha dziko lake posewera ndi Ghana, anapatsira Fabio Grosso mpira wogwetsa Germany, komanso anamenya kona imene Marco Materazzi anagoletsa ndi mutu pa fainolo yosewera ndi France. Manambala agolide ali bwino, koma chizindikiro chili ndi nyenyezi zinayi, iliyonse yoimira chikho cha dziko lonse chimene timuyi inatenga, pamene Italy inalowa m'bwalo ku Berlin kukasewera fainoloyo ili ndi zitatu zokha, ndipo yachinayi inabwera atapambana masewero omwewo. Kolala nayonso ndi yolobodoka.

Ya Juventus, kumene anapita ulere mu 2011 Milan itamuona ngati watha, n'kutenga ligi kanayi motsatizana, mulibemo m'sitolomu. Mtengo wa ziwirizi ndi umodzi, wokwera ndithu poyerekeza ndi za pa kaunjika, ndipo kunenerera amakana. Pa ndalama imeneyo, yoyera ndiyo yoyenera kugula.