Ndemanga: kumatitsa mano othimbirira ndi kompoziti ku Lilongwe

Chipatala cha mano chomwe ndinapitako mumzinda wa Lilongwe ndikuchipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ntchito yawo ndi yabwino. Nyenyezi imodziyo ndawachotsera chifukwa sananene mtengo wonse poyamba: ndalama ya X-ray ndi yotsukira mano inatulukira pa risiti nthawi yolipira.

Mano anga akutsogolo anamera ali ndi mawanga ofiirira. Ndinakulira ku Nathenje, komwe madzi a m'mijigo ina ali ndi mchere wotchedwa fluoride wochuluka. Bungwe la WHO limati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi, ndipo akachuluka amadetsa mano mwana akadali wamng'ono, mano ake achikulire akupangika mkati mwa nkhama. Ndiye kaya ukweche ndi makala, kaya ndi soda, mawangawo sachoka chifukwa ali mkati mwa dzino. Koma wokuona amangoti sutsuka m'kamwa, kapena umasuta fodya.

Nchifukwa chake sindigwirizana ndi achibale ena amene anandiuza kuti, "Dzino silikuwawa, ndalamazo mukutayiranji? Amenewo ndi manyado." Ndine mphunzitsi. Ntchito yanga ndi yoyankhula tsiku lonse pamaso pa ana, ndipo ndinazolowera kuseka nditaphimba pakamwa ndi dzanja. Munthu amene amachita manyazi ndi pakamwa pake amayankhula motsitsa mawu, pamsonkhano amasankha kukhala chete. Kufuna kuti zimenezo zithe si manyado ayi.

Chomwe chinandisangalatsa kwambiri ndi chakuti adokotala sanathamangire kundigulitsa zodula. Anayamba ayang'ana nkhama, napeza kuti zimatuluka magazi, ndipo anati sangamate kanthu chiseyeyecho chisanathe. Anafotokozanso kuti mankhwala oyeretsa mano okha sangabise mawanga akuya ngati anga, komanso kuti ma veneer a porcelain, omwe ndi tizigoba tolimba tovindikira kutsogolo kwa dzino, amafuna kupala dzino lamoyo, ndipo chopalidwacho sichimereranso. Tinagwirizana za kompoziti, phala la mtundu wa dzino lomwe amamata pamwamba pa dzino kuti libise mawanga.

Tsiku lomata anatulutsa kabolodi kokhala ndi timano ta mitundu yosiyanasiyana, nkumayerekeza ndi anga pafupi ndi zenera. Ine ndinaloza loyera mbuu. Iwo anakana mwaulemu: "Mayi, limeneli aliyense adziwa kuti ndi loikirira. Tiyeni titenge lofanana ndi mano anu a m'mbaliwa." Ananena zoona. Anapaka phalalo pang'onopang'ono, kuliumitsa ndi kuwala kwa buluu, kenako kusalaza mpaka lilime silinapezenso mphako. Jakisoni sanafunike.

Masiku oyamba mano ankawawa ndikamwa madzi ozizira, koma zinatha zokha. Chimene muyenera kudziwa musanapite ndi ichi: kompoziti si wamuyaya. Amathimbirira ndi tiyi ndi khofi, amatha kubenthuka, ndipo pakapita zaka umabwereranso kukakonzetsa ndi kulipiranso. Nzimbe ndimayamba ndadula ndi mpeni, chimanga chokazinga ndimatafunira kumbuyo. Inshuwalansi yanga ya zachipatala inakana kulipira, akuti ndi zodzikongoletsa, choncho zonse zinachoka m'thumba mwanga, ndipo zinaposa malipiro anga a mwezi.

Kwa amene mano ake ndi abwinobwino koma akufuna oyera ngati a pa TV, ndingamuuze kuti awasiye, asapalitse dzino lathanzi. Koma inu amene mwakhala mukubisa mano chifukwa cha madzi omwe munamwa muli ana, pitani mukaonetse. Madokotala a mano ndi ochepa m'dziko muno, maphunziro awo a digiri anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, ndiye onetsetsani kuti wokugwirani m'kamwayo ndi wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, osati wa mu saluni. Ndipo muwapemphe akulembereni mtengo wonse papepala musanakhale pampando.