Bufeti ya zakudya za chi German ku Munich

Amene mukupita ku holide ku Munich ndi ana bufetiyi ili bho, koma mupite ndi njala yeniyeni chifukwa nkhumba ndiye yalamulira kumeneko abale. Schweinshaxe uja, mwendo wa nkhumba wowotcha, khungu lake louma lochita kumveka ukamatafuna pomwe mkati nyama ikungochoka yokha pa fupa, ineyo ndinakhazikika pamenepo ndi Bratwurst (soseji yowotcha) ya mustard osafunanso kuona kwina. Ana anakakamira Schnitzel (nyama yopyapyala yokutidwa ndi nyenyeswa za buledi nkuikazinga) ndi chipisi basi.

Sauerkraut ndi kabichi woti anamuthira mchere nkumusunga mpaka kusasa, bambo a ana angolawa nkukwinya nkhope koma ine ndinamukonda, amadula mafuta aja mkamwa. Tsabola musayembekezere, kambuzi mutenge wanu m'chikwama kkkk.

Chomwe chinandibowa ndi madzi akumwa, ndi olipira padera ndiye ukangoti madzi amakubweretsera a gasi, muziti stilles Wasser kuti akupatseni opanda gasi. Apfelstrudel, keke ya maapozi, naye anatha msanga osabweretsanso wina. Osadya nkhumba mudalira Spätzle (pasta ya mazira) ya tchizi ndi saladi ya mbatatesi. Ndawapatsa 4 pa 5.