Behance inandilowetsa pa intavyu, koma osaidalira yokha

Anzanga amene mukusaka ntchito ya graphic design, ndati ndikuuzeniko za Behance poti ndakhala ndikuigwiritsa ntchito pafupifupi chaka ndipo ndi imene inandiitanitsa ku intavyu mwezi wathawu. Kwa omwe simukuidziwa, ndi webusaiti ya Adobe, anaigula mu 2012, akaunti kutsegula ndi ulele, umangoika ntchito zako pamalo amodzi n'kutumiza linki basi, osati zija zotumiza zithunzi 30 pa WhatsApp zokafika zitafwifwa kale.

Chimene ndimaikondera n'choti ntchito imodzi umatha kuiyala kuyambira pomwe unkajambula ndi pensulo mpaka logo itakwera pa chikwangwani. Ndiye abwana a ku intavyu ija anakakamira pomwepo. Logo ya kashopu ka nsomba ka azakhali anga, yomwe ine ndinkaiona ngati yongodzazira malo, ndi imene anandipanikiza nayo mphindi 10 zathunthu, chifukwa chiyani buluu, font imeneyi munaisankhiranji, azakhaliwo atakana yoyamba ija munatani. Ma poster okongola aja ndinkangopanga ndekha usiku opanda kasitomala sanawacheukire n'komwe, zinandiwawa pang'ono kunena zoona.

Koma apa mvetserani. Netiweki mu ofesimo inali yovuta, tsamba likungozungulira, ine thukuta kamukamu, mwayi wake ndinali ndi PDF pa flash. Komanso muzidziwa kuti zithunzi zikuluzikulu zimadya bandulo osati masewera.

Kenako anandikhazika pa kompyuta akuti tipangireni flyer ya A5 pa CorelDRAW, mphindi 40. Apa Behance palibe chomwe ingakuchitire. Ankafuna aone ngati mitundu ndaichotsa ku RGB (ya pa sikirini) kupita ku CMYK (yosindikizira pa pepala), ngati zithunzi zili pa 300 dpi kuti zisakatuluke zofwifwa, ngati ma font ndawasandutsa ma curves kuti asakasinthe ku makina osindikizira, komanso bleed ya 3mm ija yoti podula pepala pasatsale kamzere koyera m'mphepete. Bleed ndinaiwala ine. Bamboyo anangoloza pa sikirini ndi cholembera osayankhula kanthu, eish manyazi ake.

Behance ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ikanipo ntchito 6 kapena 8 zokha zomwe mungazifotokoze bwinobwino akakufunsani, zinazo zisiyeni mu laputopu. Yankho sanandiyimbirebe, anati kumapeto kwa mwezi uno.