Makina ochapira otsegula kutsogolo: zomwe ndaona m'miyezi 6

Nditagula makina ochapira otsegula kutsogolo, olowa zovala zolemera makilogalamu 7, ndinkaganiza kuti sasiyana kwenikweni ndi otsegula pamwamba amene tinagwiritsa ntchito zaka zambiri kwathu ku Luwinga. Tsiku loyamba ndinasuzumira pagalasi la chitseko n'kuona timadzi tochepa pansi, mpaka ndinakhulupirira kuti andigulitsa owonongeka. Kenaka ndinazindikira kuti ndi mmene amachapira: mgolo wake umazungulira chogona, n'kumanyamula zovala ndi kuzigwetsera m'madzi ochepawo. Bilu ya madzi yatsikadi.

Chimene chandisangalatsa koposa ndi kafinyidwe kake. Aliyense wokhala mu Mzuzu akudziwa kuti mu Juni ndi Julaye, chifukwa cha kuzizira ndi mvula yamawawa ija, bulangete limatha masiku pachingwe osauma. Makinawa amazungulira maulendo 1,200 pa mphindi pofinya, choncho zovala zimatuluka zitangotsala pang'ono kuuma, ndipo kamphepo kochepa kamamaliza ntchito.

Komabe pamafunika kuleza mtima. Kuchapa zovala zathonje kumatenga maola oposa awiri, ndipo chitseko chimadzikhoma, moti magetsi atathima madzulo ena, mayunifomu a ana anagona momwemo. Sopo waufa wochapira pamanja sayenera chifukwa thovu limachuluka. Labala wa pachitseko amasunga madzi. Tsiku lina ndinapezamo nkhungu yakuda ndi kandalama kachitsulo, ndiye masiku ano ndimapukuta n'kusiya chitsekocho chotsegula. Amayi anga, amene anazolowera kuchapa ataimirira, akudandaulabe msana powerama, choncho tikufuna kumanga kansanja ka simenti koikapo makinawa.