Miyezi isanu ndi inayi chisinthireni pulopela ya boti langa

M'mwezi wa Marichi ndinalemba mwachidule za vuto la boti langa, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzafotokoza zotsatira zake nyengo ya Mwera ikadzadutsa. Vuto lake linali lakuti boti la fiberglass lotalika mamita asanu, loyendera injini ya Yamaha Enduro ya mphamvu za akavalo 40 (40 HP), linkakana kukwera pamwamba pa madzi likanyamula akuluakulu anayi ndi katundu wawo pa ulendo wochokera ku Monkey Bay kupita ku Chembe. Ndikatsegula mafuta onse, mutu wa boti unkadzuka n'kuloza kumwamba, kumbuyo kukumira, injini ikubuula, ndipo tinkayenda tikukankha chimulu cha madzi ngati ng'ombe zokoka pulawo m'dothi lonyowa. Anzanga ambiri anandilangiza kugula injini yokulirapo, koma ndalama yake ndinalibe, choncho ndinayamba ndi chinthu chotsika mtengo, chomwe ndi pulopela.

Pa pulopela iliyonse pamadindidwa manambala awiri, ndipo yomwe ndinagula pamodzi ndi botilo inalembedwa 11 1/8 x 13. Nambala yoyamba ndi kukula kwa bwalo limene mapiko amajambula akamazungulira, m'mainchi, pamene yachiwiri, yomwe amakaniko amaitcha pitchi, ndi mtunda umene pulopela ikanayenda pozungulira kamodzi ikanakhala kuti ikuboola chinthu cholimba monga momwe sikuluwu imalowera m'thabwa. Injini ya boti ili ndi giya imodzi yokha yopita kutsogolo, kotero pitchi ndiyo imagwira ntchito ya magiya onse. Lole yodzaza chimanga siingakwere mtunda wa Khwekhwelere ili m'giya yothamangira, ndipo boti langa linali m'giya yoteroyo tsiku lililonse.

Chimene chinandithandiza kwambiri sichinali pulopela yeniyeniyo, koma kachipangizo kakang'ono kowerengera kuzungulira kwa injini, kamene waya wake amangokulungidwa pa chingwe cha pulagi. Buku la injiniyi limanena kuti ikatsegulidwa mafuta onse iyenera kuzungulira pakati pa maulendo 4,500 ndi 5,500 pa mphindi. Nditayesa ndili ndekha m'boti, inafika 4,700, ndipo ndikhulupirira kuti n'chifukwa chake mwini wake woyamba sankaona vuto lililonse, popeza iye ankayenda yekha ndi mbedza zake. Nditakweza anthu anayi, thanki yodzaza ndi zikwama, inakakamira pa 4,100, pansi pa malire amene inapangidwira, ndipo pamenepo injini siitulutsa mphamvu zake zonse, imangotentha ndi kudetsa mapulagi. Amakaniko amawerengera kuti kuchepetsa pitchi ndi inchi imodzi kumawonjezera maulendo pafupifupi 150 mpaka 200, choncho ndinatsika mainchi awiri n'kugula ya aluminiyamu ya mapiko atatu yolembedwa 11 5/8 x 11.

Pali china chimene ambirife pa nyanja ino sitichiganizira. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita opitirira 470 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo injini yopuma mpweya wamba imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 aliwonse a mphamvu zake pa mamita 300 alionse okwera. Izi zikutanthauza kuti 40 HP yanga ikugwira ntchito ngati 38, ndiponso madzi opanda mchere ndi opepukirapo, moti boti limamira pang'ono kuposa momwe likanamirira ku Beira kapena ku Durban. Boti limene laitanitsidwa kuchokera kugombe la nyanja ya mchere limabwera ndi pulopela yosankhidwira kumeneko.

Tsiku loyamba kuyesa pulopela yatsopanoyo ndinakweza anthu omwe aja ndi katundu wofanana, kuti ndisadzinamize. Mutu wa boti unadzuka monga mwa nthawi zonse, ndipo mlamu wanga, amene anali atazolowera kukwawira kutsogolo kuti akaupondereze, anayamba kale kunyamuka pampando. Asanafike n'komwe, mutu uja unagwa wokha, phokoso la injini linapepuka, mafunde a kumbuyo anaphwa n'kukhala mzere woyera wosalala, ndipo manambala a pakachipangizo kaja anakwera mpaka 4,900. Mlamu anabwerera pampando osanena kanthu. Foni inkasonyeza liwiro la makilomita 33 pa ola, pamene kale ndi katundu yemweyo tinkavutikira pa 17.

Phindu lenileni ndinaliona kuyambira mu Juni mpaka mu Ogasiti, pamene Mwera unkaomba. Pa mafunde munthu sangathamange ndi mafuta onse, ndipo chofunika n'chakuti boti lithe kukhalabe pamwamba pa madzi likuyenda pang'onopang'ono. Ndi pulopela yakale, ngakhale ndili ndi munthu mmodzi yekha, ndikangochepetsa mafuta kuti ndilandire funde boti linkagwa m'madzi ndipo ndinkayambiranso kulidzutsa. Ndi yatsopanoyi limagwiririra pamwamba mpaka liwiro litatsika kufika cha m'ma 22, ndipo ndikawonjezera mafuta pokwera msana wa funde limayankha nthawi yomweyo. Pa petulo napo pasintha, ngakhale injini ikuzungulira mofulumira kuposa kale, chifukwa boti lotsetsereka pamwamba silikankha madzi ambiri ndipo ulendo umafupika. Kale ndinkafika ku Chembe thanki ya malita 24 itatsala pang'ono kuuma, koma tsopano ndimafika mutatsala mafuta opitirira gawo limodzi mwa magawo atatu.

Zimene ndataya ziliponso. Ndikakhala ndekha pa madzi abata, liwiro lapamwamba latsika kuchoka pa makilomita 41 kufika pa 38, zomwe sizindidetsa nkhawa chifukwa sindinagulire botili mpikisano. Chofunika kusamala n'chakuti ndikakhala ndekha injini imafika 5,200, ndipo boti likalumpha funde pulopela n'kutuluka m'madzi, imakuwa n'kudutsa malire, choncho dzanja silichoka pa chogwirira mafuta.

Za kulimba kwake, utoto wa m'mphepete mwa mapiko unatha pa miyezi iwiri yoyamba chifukwa cha mchenga wa pagombe. Mu Seputembala ndinagunda mwala wobisika pafupi ndi chilumba cha Domwe, phiko limodzi linapindika kunsonga, ndipo ndinamva kunjenjemera m'dzanja nthawi yomweyo. Makaniko analiwongola ndi kulisalaza ndi tupa, koma kuyambira pamenepo kuzungulira kwa injini kwatsika ndi maulendo pafupifupi 100 pa mphindi. Ena anandiseka kuti ndikanagula yachitsulo chosachita dzimbiri, yomwe siipindika msanga ndipo mapiko ake opyapyala amagwira bwino madzi. Sindinavomereze, chifukwa mphamvu ya kugundako iyenera kuthera penapake, ndipo ndi bwino ithere pa phiko la aluminiyamu kusiyana ndi pa shafiti ndi magiya, zomwe mtengo wake ndi wowawa ndipo kuzipeza kumatenga masabata. Ndaphunziranso kuchotsa pulopela kamodzi pa mwezi, chifukwa kawiri konse ndapeza ulusi wa ukonde utakulungana kuseri kwake, ndipo ulusi umenewu ukasiyidwa umadula labala yotchinga oilo wa magiya, madzi n'kulowa.

Sindinganene kuti zonsezi zachitika chifukwa cha pulopela yokha. Ndinasunthira thanki ndi nangula kutsogolo, ndinaika chitsulo chosinthira kupendekeka kwa injini pa bowo loyandikira thupi la boti kuti chithandize kutsitsa mutu, ndipo ndinazindikira kuti boti likakhala pamadzi masabata atatu osatsukidwa, ndere za kunsi kwake zimabweza theka la vuto lakale. Tsiku lina litayambanso kulemera popanda chifukwa chooneka, ndinatsegula kabowo ka kumbuyo ndipo pansi pa thabwa loponda panatuluka madzi odzaza ndowa ziwiri, kulemera kofanana ndi kwa mwana wamkulu amene ndinkayenda naye osadziwa.

Malire ake ndawapezanso. Ndi akuluakulu asanu limakwerabe pamwamba, koma mochedwa ndiponso pokhapokha awiri atakhala kutsogolo. Ndi asanu ndi mmodzi silikwera n'komwe, ndipo pamenepo ndimachepetsa mafuta n'kuyenda modekha m'malo mozunza injini, chifukwa pulopela imasintha kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu zomwe zilipo koma siiwonjezera ngakhale pang'ono. Ndinaganizapo zotsikanso kufika pa pitchi 10, koma ndikawerengera ndikuona kuti ndikakhala ndekha injini izifika cha m'ma 5,400 pa madzi abata, pafupi kwambiri ndi malire, ndiye ndaisiya nkhaniyo. Pulopela yakale ija sindinaigulitse, ili pansi pa mpando wa kumbuyo, yokulungidwa m'thumba pamodzi ndi sipanala, nati ndi mapini awiri, ndipo ndiyo inatibweza kunyumba tsiku la mwala wa ku Domwe.