Katesita ka soketi ya mapini 7: nkothandiza, koma vuto la earth sikaliona

Katesita aka, koyesera magetsi a pa soketi yolumikizira ngolo, ndakagwiritsa ntchito kwa nthawi ndithu ndipo ndikukapatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Imodziyo ndachotsa pa chifukwa chomwe aliyense wokoka galimoto kapena ngolo ayenera kuchidziwa asanakagule.

Ntchito yanga ndi yoyendetsa ndi kusamalira magalimoto a banja lina ku Randburg, kuno ku Johannesburg. Abwana ali ndi motorhome, galimoto ija yokhala ndi pogona ndi pophikira mkati, ndipo akamapita ku Kruger kapena ku Durban amakoka ka Suzuki Jimny kumbuyo pa chitsulo cha A-frame, kuti akafika azikayendera kameneko. Jimny ikamakokedwa mumakhala mopanda munthu, choncho magetsi ake akumbuyo amayenera kumvera woyendetsa motorhome. Akaponda buleki ayake, akayatsa indiketa iphethire mbali yoyenera. Zonsezi zimadutsa m'chingwe chimodzi cha mawaya 7, ndipo kuchiyesa ulendo usanayambe ndi udindo wanga.

Katesitako nkokwana m'dzanja, kamaoneka ngati pulagi ya ngolo koma kumbuyo kwake kuli timagetsi ta LED, kalikonse ndi pini yake. Sikafuna batire. Mumangokalowetsa mu soketi ya galimoto yokokayo, nkuyamba kuyatsa magetsi limodzilimodzi. Ndinakagula m'sitolo ya zipangizo za magalimoto pa mtengo wosaboola m'thumba.

Soketi zambiri za kuno ndi zija za mapini 7 zotchedwa 12N, zotsatira muyezo wa ISO 1724, ndipo katesitaka kanapangidwira zimenezo. Pini 1, ya waya wachikasu, ndi indiketa yakumanzere, pini 4 ya waya wobiriwira ndi yakumanja. Wofiira wa pa 6 ndi wa mabuleki. Wabulawuni wa pa 5 ndi wakuda wa pa 7 ndi magetsi a paki, woyambawo kumanja, winawo kumanzere. Wabuluu wa pa 2 ndi wa getsi la chifunga, ngakhale ena amaupatsa ntchito zina. Woyera wa pa 3 ndiye earth, waya womwe moto umabwererapo ukachoka m'mababu, ndipo nkhani yanga yagona pamenepo.

Ubwino wake ndi wakuti kamakuuzani msanga mbali yomwe kuli vuto. Kale getsi likakana kuyaka unkayamba kumasula chilichonse, osadziwa ngati wolakwa ndi motorhome, chingwe kapena Jimny. Pano mphindi zochepa zimakwana. Mmisiri wina atasintha soketi ya motorhome anasemphanitsa wachikasu ndi wobiriwira, ndipo katesitaka kanaonetsa pompopompo, tisanatuluke pageti. Tangoganizani, inu mukukhotera kumanzere, galimoto yakumbuyo ikuuza anthu kuti mukupita kumanja. Pa ichi chokha ndalama yanga inabwerera.

Koma timagetsi ta LED timadya moto wochepa kwambiri. Waya wa earth ngakhale atadyeka ndi dzimbiri, nkutsala tinsinga tiwiri tokha, timagetsito timayakabe bwinobwino. Babu la buleki la 21W pa 12V limakoka pafupifupi ma amp 1.75, awiri ndiye 3.5, kuwonjezapo indiketa ya 21W ndi a paki a 5W, ndipo moto wonsewo umabwerera kudzera pa pini 3 imodzi yomweyo. Zili ngati mlatho wa mitengo yofumbwa: mwana adutsapo bwino, koma ngolo ya chimanga ithyola.

Ndinaziona ndi maso. Katesita kanati zonse zili bwino. Nditalumikiza Jimny ndinaitana mwana wa achemwali anga amene amandithandiza Loweruka: "Mphwanga, ponda buleki, indiketa usazimitse." Ataponda, indiketa inafooka, magetsi a paki nkuyamba kuphethira nawo mwa apo ndi apo. Iye ali kutsogolo nkumafunsa, "Malume, zatheka?" Sizinatheke. Moto ukasowa njira yobwerera umafuna ina kudzera m'mababu ena, nchifukwa chake magetsi amavina chonchi. Titamasula soketi tinapeza sikuluwu ya waya woyera itachita dzimbiri lobiriwira. Mvula ya kuno, ija ya mabingu ya masana kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, imalowetsa madzi m'soketi, makamaka chivindikiro chikafooka sipuling'i.

Chimene ndimachita tsopano nchakuti katesita kakamaliza, ndimabwereza ndi babu la 21W lomwe ndinalimangirira timawaya tiwiri. Waya mmodzi pa pini 3, winayo pa pini yomwe ndikuyesa. Babulo likawala mofooka, ndiye kuti pali dzimbiri penapake. Mapini ndimawapala ndi sandipepa yosalala, aja ong'ambika pakati ndimawakanula pang'ono ndi sikuludiraiva yaing'ono kuti azigwira zolimba, kenako ndimapaka girisi wa zamagetsi.

China, katesitaka sikadziwa kanthu za galimoto yokokedwayo. Mu Jimny yathu munaikidwa ma diode, kuti moto wochokera ku motorhome uzingofika pa mababu akumbuyo osabwerera m'mawaya a galimotoyo. Diode ikapsa kapena ikaikidwa chozondoka, katesita sikanena. Muyenera kulumikiza chingwe, kiyi wa galimoto yaing'onoyo ali wozimitsa, wina aponde buleki ku motorhome inu mukuyang'ana pa dashibodi ngati pakuwala kanthu. Kenako pondani buleki ya yaing'onoyo muone ngati magetsi a motorhome akuyaka. Sayenera kuyaka. Pa magalimoto atsopano oyendera makompyuta, moto wobwerera m'mbuyo ungathe kuwononga zinthu zodula, choncho apa musachite ulesi. Dziwaninso kuti diode wamba amadya pafupifupi 0.7V, ndiye ngati earth ili kale yofooka, magetsi amathera pomwepo.

Ndikulimbikira nkhaniyi chifukwa ndimaudziwa msewu wa N3 wopita ku Durban. Pa chitsetse cha m'mapiri cha Van Reenen chifunga chikatsika, kumbuyo kwanu kuli mathiraki olemera akutsetsereka, chomwe amaona ndi magetsi a Jimny basi, poti a motorhome amakhala atabisika pang'ono.

Abale anga amene mumakoka ngolo za katundu kupita kumudzi, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, soketi yanu ndi yomweyi ndipo katesitaka kakuthandizani, bola munyamulenso babu loyesera lija ndi mafyuzi apadera. Ngati galimoto yanu ili ndi soketi ya mapini 13, sikalowa popanda adaputa. Pulasitiki yake ndi yolimba ndithu, kagwapo pa simenti osasweka, koma manambala olembedwa pambali pa timagetsi anayamba kufufutika msanga chifukwa cha girisi wa m'manja, moti ndinachita kuwalembanso ndi penti yoyera.