NIST, CERN kapena GWOSC: deta yaulere ya sayansi tiitenge kuti?

Munthu amene akufuna manambala enieni oyeserapo pulogalamu yake, kapena ophunzitsira fizikisi, kawirikawiri amalozeredwa malo atatu: nkhokwe za NIST ku America, CERN Open Data ya labotale yaikulu ya fizikisi ya ku Geneva, ndi GWOSC komwe amaikako zimene ajambula makina a LIGO, ogwira mafunde a mphamvu yokoka ochokera kuthambo. Onse atatu amayendera ndalama za maboma, ndipo zambiri zimene ali nazo mungazitenge popanda kulembetsa dzina. Ambiri akamawayerekeza amathamangira kufunsa kuti kwachuluka deta ndi kuti. Funso lothandiza ndi lina: kodi mukufuna yankho lodziwika kale kuti muone ngati ntchito yanu ili yolondola, kapena mukufuna zoyeza zosakonza kuti yankho mulipeze nokha?

NIST ndi ya gulu loyambalo. Bungweli linayamba mu 1901 likutchedwa National Bureau of Standards, dzina la panoli linabwera mu 1988, ndipo ntchito yake kuyambira kale ndi miyeso. Chimene imakupatsani ndi nambala yomwe akatswiri anaiunika kale, pambali pake atalembapo kukula kwa chikayiko chake. Tsegulani mndandanda wa manambala osasintha a m'chilengedwe, amene CODATA, komiti ya akatswiri a mayiko osiyanasiyana, imawakonzanso zaka zinayi zilizonse: ndi kafayilo ka malemba okhaokha, kopepuka kuposa chithunzi chimodzi cha pafoni. Pa liwiro la kuwala palembedwa mamita 299792458 pa sekondi, chikayiko palibe, chifukwa kuyambira 1983 mita yeniyeniyo imatanthauzidwa ndi nambala imeneyi. Nambala ya Planck nayo, 6.62607015 × 10⁻³⁴, inakhazikitsidwa kotheratu pa 20 Meyi 2019 pamene kilogalamu inasiya kudalira chitsulo chosungidwa pafupi ndi Paris. Koma mukafika pa G, nambala ya mphamvu yokoka, mupeza 6.67430 × 10⁻¹¹ ndi chikayiko cha 15 pa manambala awiri omalizawo. Ma labotale osiyanasiyana akayeza G sagwirizana mpaka lero, ndipo fayiloyo sikubisa. Ine kwanga ndi pomwepa pamene NIST imaposera anzake: imakuuzani poyera pamene munthu akudziwa motsimikiza ndi pamene akungoyandikira.

Kwa olemba mapulogalamu, chuma chenicheni chili mu Statistical Reference Datasets, yomwe ambiri amangoti StRD. Ndi timafayilo ting'onoting'ono tokhala ndi mayankho otsimikizika mpaka manambala 15 pa ntchito zina, ngati buku la mayankho la mphunzitsi. Tengani ka NumAcc4. Muli manambala 1001, onse ndi 10000000.1, 10000000.2 kapena 10000000.3. Avereji ndi 10000000.2, standard deviation ndi 0.1 ndendende. Zikuoneka zachibwana, koma yesani. Pulogalamu yosunga manambala mu mabiti 32 imaona onse atatu ngati 10000000 basi, n'kukuuzani kuti kusiyana palibe. Ya mabiti 64 nayo ikagwiritsa njira yachidule ija ya m'mabuku, yochulukitsa nambala iliyonse ndi iyo yomwe kenako n'kuchotsera, imataya manambala ofunikirawo pakati pa zikuluzikulu ndipo imabweretsa zosamveka. Ka Filip, kokhala ndi mfundo 82 zoti zikwanire mu polynomial ya digiri 10, kagwetsa mapulogalamu odziwika ndithu: ena amakana kuwerengera, ena amapereka yankho lopanda nambala ndi imodzi yomwe yolondola, koma ali duu ngati palibe chalakwika. Mulinso miyeso 100 ya liwiro la kuwala imene Michelson anachita mu 1879, yabwino kwa ophunzira.

Zovuta zake zilipo. Nkhokwe za NIST n'zobalalika; Atomic Spectra Database ili kwake, Chemistry WebBook ili kwake, ndipo masamba ena amaoneka ngati sanakhudzidwe chiyambire intaneti. Komanso si zonse zaulere. Lamulo la ku America la 1968 linalola bungweli kugulitsa deta ina younikidwa, n'chifukwa chake zinthu ngati REFPROP, pulogalamu yowerengera makhalidwe a zamadzimadzi ndi mipweya, ndi nkhokwe yaikulu ya mass spectra zimagulidwa. Ndipo kunena zoona, ku NIST simudzatulukira chatsopano. Mumapita kukafunsa, mumayankhidwa, mumabwerako.

CERN ndi dziko lina. Si boma limodzi, ndi bungwe limene mayiko ambiri amasonkhera kuyambira 1954, ndipo khomo lake la deta linatsegulidwa mu Novembala 2014 ndi zimene CMS, chimodzi mwa zida zake zikuluzikulu zojambulira, inajambula mu 2010 pamene mapulotoni ankawombana mu LHC, makina othamangitsa mapulotoniwo kuti awombane. Pano zomwe zilimo zimawerengedwa m'mapetabayiti. Koma nambala imeneyo isakunamizeni, chifukwa kwa munthu wamba kuli makomo awiri otalikirana kwambiri.

Loyamba ndi la ophunzira. Mumatenga fayilo ya CSV momwe mzere uliwonse ndi kuwombana kumodzi komwe kunatulutsa ma muon awiri, tizidutswa tonga elekitironi koma tolemera kwambiri, ndi mphamvu komanso kolowera kwa iliyonse. Mukawerengera kulemera kwa chinthu chimene chinasweka n'kubala awiriwo, n'kujambula gilafu, timapiri timatumphuka tokha: kena pa 3.1 GeV (muyeso wa kulemera kwa tizidutswa totere) komwe ndi kachidutswa kotchedwa J/psi, kena cha pa 9.5 komwe ndi Upsilon, ndi phiri looneka bwino pa 91, Z boson. Ntchito ya madzulo amodzi ndi Python, ngakhale Excel imatha. Palibe tebulo la NIST limene lingakupatseni chimwemwe chimenecho.

Khomo lachiwiri ndi la deta ya ofufuza, ndipo pakati pa awiriwa pali phompho. Mafayilo ali mu ROOT, mtundu wa mafayilo wa ku CERN komweko. Ambiri akale amafuna CMSSW, pulogalamu ya CMS, ya chaka chomwe anajambulidwa, yoyendetsedwa mu Docker kapena mu kompyuta yoyerekezera. Muyenera kudziwa nthawi zimene makina ankagwira bwino kuti mutaye zotsalazo, muyenera kutenganso deta ya simulation yoyerekezera nayo, ndipo koposa zonse muyenera kumvetsa trigger, dongosolo limene limasankha kuwombana koti kusungidwe pakati pa mamiliyoni ochitika pa sekondi. Kaphiri kena pa gilafu yanu kangakhale kopangidwa ndi trigger, osati chilengedwe, ndipo fayiloyo sikuchenjezani. Mtundu wa mafayilo wotchedwa NanoAOD wapepukitsako zinthu chifukwa umawerengeka popanda CMSSW. Kuti n'zotheka, gulu la Jesse Thaler ku MIT linasonyeza mu 2017 pofalitsa kafukufuku wochokera pa deta imeneyi lisali mbali ya CMS. Koma amenewo anali akatswiri a fizikisi kale, ndipo sizinawatengere sabata.

GWOSC imakhala pakatikati, ndipo ndi imene ine ndingalangize munthu amene akufuna kulawa kafukufuku weniweni ali ndi laputopu wamba. Makina awiri a LIGO, ena ku Hanford ena ku Livingston ku America, ali ndi mikono yotalika makilomita 4, ndipo chimene amayeza makamaka ndi chimodzi: mmene kutalika kwa mikonoyo kukusinthira. Choncho deta yake ndi mzere umodzi wa manambala otsatana ndi nthawi, 4096 kapena 16384 pa sekondi. Masekondi 32 ozungulira GW150914, mafunde oyamba amene anagwidwa pa 14 Sepitembala 2015, ndi manambala 131,072 okha pa makina amodzi mukasankha 4096.

Mukawajambula momwe aliri simuona kanthu koma phokoso. Kugwedezeka kwa nthaka kumaphimba zonse, magetsi aku America amaika mzere wawo pa 60 Hz, nazonso zingwe zopachikira magalasi zimalira pa malo awoawo. Mumayamba mwasalaza phokosolo, n'kusiya mafunde a pakati pa 35 ndi 350 Hz. Kenako mumasuntha deta ya malo amodzi ndi mamilisekondi pafupifupi 7, poti mafundewo anayamba kufika ku Livingston, n'kuitembenuza chifukwa makina awiriwa sanayang'ane mbali imodzi. Apo mizere iwiri ija imagonana, ikukwera msangamsanga kwa kachigawo ka sekondi n'kuzima: ma black hole awiri, olemera pafupifupi ka 36 ndi ka 29 kuposa dzuwa, akuphatikizana. Chokoma n'chakuti iyi si deta yophikira ana asukulu; ndi yomweyo imene asayansi anagwiritsa, ndipo zida zawo, GWpy ndi PyCBC, n'zaulere. Ngakhale zipsera zake zilimo. Pa GW170817, ya pa 17 Ogasiti 2017, makina a ku Livingston anachita phokoso lalikulu kutatsala pafupifupi sekondi imodzi kuti nyenyezi ziwiri za neutron ziwombane, ndipo mungathe kuliona ndi maso anu.

Kufooka kwake n'kwakuti ndi yopapatiza. Mukaphunzirako kusefa mafunde ndi Fourier transform, luso lomwe limagwiranso pa mawu ndi pa mawailesi, koma za matebulo a mizati yambiri kapena kusiyanitsa mitundu ya zinthu, CERN ndiye kwawo. Ndipo kuona chizindikiro chimene mwauzidwa kale nthawi yake n'kosiyana ndi kuchisaka m'miyezi yathunthu ya deta, komwe kumafuna makompyuta ambiri.

Pa za chilolezo, deta ya CERN ili pa CC0, kutanthauza kuti mungaigwiritse ntchito mmene mufunira, ya GWOSC pa CC BY 4.0 kutanthauza kuti muyenera kutchula komwe mwaitenga, pomwe ya NIST muziona pa nkhokwe iliyonse payokha chifukwa cha lamulo la 1968 lija. Pali kanthu kena komwe anthu amaiwala: manambala a NIST amasintha akaunikidwanso. Kulemera kwa elekitironi kwa CODATA 2018 si kofanana mpaka kumapeto ndi kwa 2022, ndipo laibulale ngati SciPy imanyamula mndandanda wa chaka chimene inapangidwira. Anthu awiri angayendetse pulogalamu imodzimodzi n'kusiyana pa manambala omalizira popanda wolakwa. Mukamalemba zotsatira zanu, lembaninso chaka cha CODATA chimene mwagwiritsa, monga mmene mungalembere DOI (nambala yozindikiritsira) ya fayilo ya CERN kapena dzina la nyengo yojambulira ya LIGO, kaya ndi O1, O2 kapena O3.